Kutsata Mawu Kuchokera pa Eriyo Kufika M'khutu: Phunziro la ku Lifupa

Chiyambi

Wophunzira chiyankhulo aliyense amafika pa nthawi yoti mabuku okha samukwaniranso. Iye amafuna kudzimvera yekha momwe anthu amayankhulira, kusunga mawuwo komanso kuwayeza. Masiku ano ntchito imeneyi siliranso zida zodula monga zinalili kale. Munthu amene ali ndi laputopu, maikolofoni ndi kachipangizo kakang'ono kolowetsa pa USB angathe kujambula mawu a anthu pamaso ndi pamaso, komanso kugwira mawu a pa wailesi n'kuwasunga mu kompyuta. Vuto ndi lakuti zida zimenezi zikakanika sizinena chomwe chavuta. Nthawi zina zimangoti zii. Nthawi zina zimatulutsa phokoso lokhalokha kapena mawu odukaduka. Koma choopsa kuposa zonsezi ndi pamene zidazo zikutulutsa mawu omveka bwinobwino pomwe mawuwo asinthika kale, kotero kuti wofufuza amayeza zabodza iye osadziwa.

Mu chimangirizo chino ndifotokoza njira yopezera zovuta m'mapulogalamu awiri a pa kompyuta, GNU Radio ndi Pure Data. Mfundo yanga ndi yakuti vuto lililonse limapezeka potsata mawu bokosi ndi bokosi, poyambira pa mawu omwe tikuwadziwa kale. Zitsanzo ndazitenga pa ntchito yojambula mawu yomwe ndinagwira ku Lifupa, m'boma la Kasungu.

Zida zake ndi momwe zimagwirira ntchito

Wailesi yomwe tinazolowera m'makomo mwathu imagwira ntchito yonse ndi tizipangizo ta m'kati mwake. Tizipangizoti timasankha nyumba youlutsira mawu, kuchotsa phokoso ndi kusandutsa mafunde a mumlengalenga kukhala mawu. Pali wailesi ya mtundu wina yomwe akatswiri amaitchula mwachidule kuti SDR. Pa wailesi imeneyi chipangizo chimangogwira mafunde n'kuwasandutsa manambala, ndipo ntchito yonse yotsala imagwiridwa ndi pulogalamu ya mu kompyuta. Chipangizo chotchipa kwambiri cha mtunduwu chimadziwika ndi dzina loti RTL-SDR. Icho chinapangidwa kuti anthu azionera kanema pa kompyuta, koma m'chaka cha 2012 kunafala nzeru yakuti kachipangizo ka m'kati mwake kotchedwa RTL2832U, ka kampani ya Realtek, kangathe kutumiza manambala osaphika ku kompyuta. Zambiri mwa zipangizozi zimamva mafunde kuyambira pa 24 MHz mpaka kupitirira 1,700 MHz. Nyumba zoulutsira mawu za FM zili pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, choncho zonse zimagwa m'gawo limeneli.

Pulogalamu ya GNU Radio inayambitsidwa ndi Eric Blossom m'chaka cha 2001. Iyo ili ndi gawo lotchedwa GNU Radio Companion momwe munthu salemba mizere ya malamulo, koma amaika mabokosi pa galasi la kompyuta n'kuwalumikiza ndi zingwe. Bokosi lililonse lili ndi ntchito yake: lina limalandira mafunde, lina limasefa, lina limatulutsa mawu. Pure Data nayo imagwira ntchito chimodzimodzi, koma iyo ndi ya mawu omveka ndi khutu. Anailemba ndi Miller Puckette cha m'ma 1996, ndipo ndi yemweyo amene anayambitsa pulogalamu ya Max ali ku IRCAM mu mzinda wa Paris m'zaka za m'ma 1980. Chithunzi cha mabokosi ndi zingwe chomwe munthu wakonza mu Pure Data chimatchedwa patch, pomwe mu GNU Radio chimatchedwa flowgraph. Mapulogalamu onse awiri ndi aulere.

Pali mawu awiri ofunika kuwamvetsa tisanapite patsogolo. Loyamba ndi frequency, kutanthauza kuchuluka kwa mafunde omwe akudutsa pa sekondi imodzi. Muyeso wake ndi hertz, ndipo MHz imodzi ndi ma hertz 1,000,000. Mawu a munthu akakwera ndiye kuti frequency yakwera. Lachiwiri ndi chiwerengero cha tizidutswa. Kompyuta siisunga mawu ngati chingwe chimodzi chosaduka, koma imawadula tizidutswa tambirimbiri pa sekondi iliyonse. Pa mawu omveka ndi khutu tizidutswati timakhala 44,100 kapena 48,000 pa sekondi. Pa mafunde a wailesi timafika 2,400,000.

Chifukwa chogwirira ntchitoyi ku Lifupa

Chichewa cha ku Kasungu chili ndi mbiri yake pa maphunziro a chiyankhulo. Buku la galamala ya Chichewa lomwe Mark Hanna Watkins anatulutsa mu 1937 linachokera pa mayankhulidwe a munthu wa ku Kasungu, Hastings Kamuzu Banda, yemwe pa nthawiyo anali wophunzira ku America. Kuchokera nthawi imeneyo ulimi wa fodya wabweretsa m'bomali anthu ochokera m'zigawo zina odzagwira ntchito m'maesiteti, ndipo kumpoto kwa bomali Chichewa chimakumana ndi Chitumbuka. Kuonjezera apo, anthu amamvera tsiku ndi tsiku Chichewa cha aulutsi a pa wailesi. Cholinga changa chinali kuyerekeza kamvekedwe ka mawu a aulutsiwo ndi ka anthu a m'midzi yozungulira nkhalango ya Kasungu.

Kamvekedwe ndi kofunika chifukwa m'Chichewa kukwera ndi kutsika kwa mawu kumasintha tanthauzo. Mlimi akamanena za mtengo womangira chigafa amakweza mawu pa phatikizo la -te-, koma akamadandaula za mtengo wa fodya ku okushoni sakweza. Mneni woti ndimathandiza amanena za chizolowezi ngati mawu akwera pa ndi- woyamba komanso pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, koma amanena za kale ngati akwera pa -tha-. Komanso phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limatalika mawuwo akakhala pothera pa chiganizo. Akatswiri monga Al Mtenje ndi Sam Mchombo alemba zambiri pa nkhani zimenezi. Wofuna kuziyeza amadalira manambala awiri: frequency ya mawu ndi kutalika kwa nthawi. Zida zikasokoneza manambala awiriwa, kafukufuku yense wapita m'madzi.

Lifupa ndi malo omwe ali pa damu m'kati mwa nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu, kumadzulo kwa boma, kufupi ndi malire a dziko la Zambia. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa mu 1970 ndipo ndi yachiwiri pa kukula m'Malawi muno, pambuyo pa Nyika. Kumeneko kulibe sitolo yogulako waya, kulibe katswiri womufunsa, ndipo intaneti ndinaipeza yosadalirika. Mafunde a FM amafikako atafooka. Malo otere amaphunzitsa munthu kufufuza vuto mwadongosolo, chifukwa palibe china chodalira.

Lamulo lalikulu: tsatirani ngalande

Mlimi wa kudimba akaona kuti madzi sakufika pa bedi la ndiwo, sathamangira kukakumba chitsime china. Iye amayenda m'mbali mwa ngalande kuchokera pa bedilo kulowera ku chitsime mpaka atafika pomwe dothi lili lonyowa. Vuto limakhala pakati pa malo ouma ndi malo onyowawo. Patch ndi flowgraph nazo ndi ngalande. Mawu amalowa mbali imodzi n'kutuluka mbali ina, ndipo bokosi lililonse ndi malo omwe angathe kutsekeka, kutayika kapena kuda.

Choncho pali malamulo atatu. Poyamba, yambirani kumapeto, kufupi ndi khutu, ndipo gwiritsani ntchito mawu odziwika omwe kompyuta yadzipangira yokha. Chachiwiri, bwererani m'mbuyo bokosi limodzi pa nthawi imodzi, mukuyang'ana chomwe chikutuluka pa bokosi lililonse. Chachitatu, sinthani chinthu chimodzi chokha, yesani, ndipo lembani m'kope chomwe mwasintha ndi chomwe chachitika. Munthu wosintha zinthu zitatu pakamodzi, ngakhale zitakonzeka, sadziwa chomwe chachiza, ndipo mawa vutolo likabweranso adzayambira pachiyambi.

Vuto loyamba: kompyuta yangoti zii

Mu Pure Data mawu satuluka ngati DSP sinayatsidwe. Kameneka ndi kabokosi kochonga pa windo lalikulu la pulogalamuyi, ndipo ndi malo oyamba kuyang'ana. Kenako munthu atsegule Test Audio and MIDI pansi pa Media n'kuyatsa kulira koyesera. Kulirako kukamveka ndiye kuti mahedifoni, sipika ndi kompyuta zili bwino, ndipo vuto lili mu patch. Kukapanda kumveka, palibe chifukwa chogwirira patch. Pofunika kuona ngati pulogalamuyi yasankha chipangizo choyenera chotulutsira mawu.

M'kati mwa patch, kalembedwe ka maina a mabokosi ndi kofunika monga momwe kalili m'Chichewa. Kuiwala h kumasandutsa phala kukhala pala. Chimodzimodzinso mabokosi onse onyamula mawu mu Pure Data amathera ndi kachizindikiro kopindika, monga osc~, dac~ ndi adc~. Dzina likalembedwa molakwika, bokosilo limaoneka ndi mzere wodukaduka m'mbali mwake ndipo pa windo lalikulu pamatuluka uthenga wakuti lalephera kupangika. Zingwe nazo zili mitundu iwiri: zonenepa zimanyamula mawu, zowonda zimanyamula mauthenga. Pofuna kudziwa ngati pa chingwe chonenepa pakudutsa kanthu, munthu alumikizepo env~ ndi kabokosi koonetsa nambala. Nambala ikakhala 0 ndiye kuti pamenepo ndi pouma. Pa chingwe chowonda, bokosi la print limagwira ntchito yomweyo.

Mu GNU Radio kusamveka kwa mawu kumayambira kawirikawiri pa chipangizo chenichenicho. Popeza RTL-SDR inapangidwira kanema, kompyuta ya Linux imaipatsa yokha kapulogalamu ka kanema kotchedwa dvb_usb_rtl28xxu, ndipo kameneka kakaigwira, GNU Radio siiipezanso. Mankhwala ake ndi kukaletsa kapulogalamuko. Pa Windows anthu amagwiritsa ntchito Zadig poika kapulogalamu koyenera. Lamulo la rtl_test limaonetsa ngati chipangizocho chikupezeka, ndipo ndi bwino kuliyesa musanatsegule flowgraph. Chinanso ndi mitundu ya makomo a mabokosi. Khomo lobiriwira ngati thambo limanyamula manambala oyenda awiriawiri a mafunde a wailesi, pomwe khomo looneka ngati lalanje limanyamula manambala amodziamodzi a mawu. Makomo osiyana mtundu akalumikizidwa, chingwe chimafiira ndipo flowgraph imakana kuyamba.

Vuto lachiwiri: phokoso lachuluka

Phokoso lili ndi mitundu, ndipo mtundu uliwonse umaloza komwe lachokera. Phokoso loti shiii, longa mvula pa malata, limasonyeza kuti mafunde akufika ofooka. Ambiri akamva zimenezi amathamangira kukweza gain, womwe ndi mlingo wokuzira mafunde m'chipangizo. Koma gain amakuza mafunde pamodzi ndi phokoso lomwe, ndipo popeza RTL-SDR imayeza mafunde pa masitepe 256 okha, gain akapitirira muyeso nyumba imodzi youlutsira mawu imayamba kuoneka malo angapo pomwe palibe. Ku Lifupa chomwe chinathandiza ndi eriyo. Kutalika kwa funde kumapezeka pogawa 300 ndi nambala ya MHz. Pa 100 MHz funde limatalika mamita 3, ndipo eriyo ya mikono iwiri imafuna mkono uliwonse ukhale gawo limodzi mwa magawo anayi a funde, omwe ndi masentimita 75. Mawaya awiri a muyeso umenewu, omangidwa pa nsungwi n'kukwezedwa pamwamba, anamveketsa nyumba zomwe kaeriyo kobwera ndi chipangizo sikankazimva. Ndi bwinonso kuyesa eriyoyo choimika ndi chogoneka, ndi kuitembenuza pang'onopang'ono mukuyang'ana bokosi la QT GUI Frequency Sink lomwe limajambula mphamvu ya mafunde.

Pa chithunzi chimenechi pamaoneka kansonga pakati penipeni ngakhale pasakhale nyumba youlutsira mawu. Kansongaka kamachokera m'chipangizo momwemo. Njira yokapewera ndi kutchera chipangizo pambali pang'ono, mwachitsanzo ma hertz 250,000 kuchokera pa nyumba yomwe mukufuna, kenako n'kuibweza pakati ndi bokosi la Frequency Xlating FIR Filter.

Phokoso lina ndi long'ung'uza pansipansi kapena lolira ngati njuchi. Limeneli ndi la magetsi. Magetsi a m'Malawi amayenda pa ma hertz 50, ndipo phokoso lawo limaonekera pa 50, 100, 150 ndi kupitirira apo. M'madera omwe anthu amadalira sola, inveta ndi chaja zotchipa zimatulutsanso phokoso lomwe limalowa mu eriyo ndi mu maikolofoni. Kuyesa kwake n'kosavuta: zulani chaja kuti laputopu iyendere batire, kenako zimitsani inveta. Phokoso likatha, gwero lapezeka. Ine ndinazolowera kutchaja masana ndi kujambula madzulo inveta itazima, chipangizo chili pa chingwe chachitali cha USB kutali ndi laputopu.

Apa pali msampha kwa wophunzira chiyankhulo. Mu Pure Data n'kosavuta kuika sefa monga hip~ 300 kuti ifooketse mawu onse a pansi pa ma hertz 300. Phokoso la magetsi limachepadi ndipo khutu limasangalala. Koma mawu a bambo wamkulu amakhala pakati pa ma hertz 85 ndi 180, ndipo a mayi pakati pa 165 ndi 255. Sefa imeneyi imafooketsa gawo lomwelo lomwe wofufuza akufuna kuyeza, ndipo pulogalamu yoyezera ingathe kulumphira pa nambala yowirikiza kawiri. Phokoso tizilichotsa pa gwero lake. Ngati kusefa sikungapeweke, fayilo yoyamba isungidwe yosakhudzidwa.

Mtundu womaliza ndi kusasa kwa mawu munthu akakweza liwu. Mu Pure Data mawu amayenera kukhala pakati pa -1 ndi 1. Akapitirira, nsonga zake zimadulidwa ndipo sizibwereranso. Nambala ya pa env~ ikamayandikira 100 ndiye kuti mawu akuluwo akudulidwa kale. Ndi bwino kusiya mpata chifukwa anthu akatenthedwa ndi nkhani, monga ya mitengo ya fodya, amakweza mawu mosayembekezereka.

Vuto lachitatu: mawu akudukaduka

GNU Radio ikamavutika imalemba timalembo m'munsi mwa windo. Zilembo za aU zikutanthauza kuti gawo lotulutsa mawu lasowa tizidutswa toti lilize. Lembo la O likutanthauza kuti chipangizo chatumiza tizidutswa tomwe kompyuta yalephera kutilandira, ndipo tatayika. Kusiyana kwake ndi kwakukulu. Vuto la aU limaononga zomwe khutu likumva pa nthawiyo, koma la O limaononga fayilo yeniyeniyo. Kachidutswa kakatayika pakati pa lembo la liwu, phatikizo lalitali limaoneka lalifupi, ndipo wofufuza angathe kulemba kuti mlankhuli uja satalikitsa phatikizo pomwe anatalikitsa.

Choyamba kuyang'ana ndi masamu. Tizidutswa timachepetsedwa pa bokosi lililonse mpaka titafanana ndi tomwe sipika ikufuna. Mwachitsanzo, 2,400,000 kugawa ndi 10 pa sefa yoyamba ndi 240,000, ndipo 240,000 kugawa ndi 5 pa bokosi la WBFM Receive ndi 48,000. Bokosi la Audio Sink nalo liyenera kulembedwa 48,000. Nambala imodzi ikaphonyeka, mawu amadukaduka kapena kuthamanga. Ndi bwino kulemba masamuwa papepala, bokosi ndi bokosi. Chachiwiri ndi bokosi la Throttle, lomwe ntchito yake ndi kuchepetsa liwiro pamene mu flowgraph mulibe chipangizo chenicheni. Likasiyidwa pamodzi ndi RTL-SDR limalimbana ndi chipangizocho. Chachitatu ndi mphamvu ya kompyuta. Laputopu yakale ikatentha, monga zimakhalira mu Okutobala ku Kasungu, imachepetsa yokha liwiro. Kutsitsa tizidutswa kufika pa 1,200,000, kenako kugawa ndi 5 kawiri, kumafikitsanso pa 48,000 pomwe ntchito ya kompyuta yachepa. Pojambula zenizeni ndi bwino kuchotsa zithunzi zonse ndi Audio Sink, kusiya bokosi lolemba fayilo lokha. Mu Pure Data kudukaduka kumachepa pokweza nambala ya Delay mu Audio Settings.

Vuto lachinayi: mawu okoma koma onama

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Vuto lachinayi ndi lotero, chifukwa palibe uthenga wochenjeza ndipo khutu silidandaula. Limachitika fayilo ikamachoka mu pulogalamu ina kupita mu ina. Tinene kuti GNU Radio yalemba fayilo pa tizidutswa 48,000, ndipo Pure Data ikuyenda pa 44,100. Bokosi la readsf~ silisintha chiwerengerochi. Limangoliza tizidutswato pa liwiro la Pure Data. Zotsatira zake n'zakuti mawu a ma hertz 200 amamveka ngati a 184, ndipo lembo la liwu lotalika mamilisekondi 100 limafika 109. Muulutsi amamvekabe ngati munthu, kungoti wa mawu okulirapo pang'ono ndi wodekha. Tsono ngati mawu a anthu a m'mudzi anajambulidwa mwachindunji mu Pure Data pa 44,100, iwo sasinthika. Wofufuza poyerekeza magulu awiriwa angapeze kuti aulutsi amayankhula motsitsa ndi motalikitsa kuposa anthu a ku Kasungu, pomwe kusiyanako kwabadwira mu kompyuta. Chimodzimodzinso, nambala yomwe munthu walemba mu bokosi la Wav File Sink ndi chizindikiro chabe cha pa fayilo. Ikakhala yolakwika, ngakhale pulogalamu ya Praat, yomwe akatswiri a chiyankhulo amaidalira, idzayeza molakwika.

Njira yogwirira bodza limeneli ndi mawu odziwika aja. Mu GNU Radio muli bokosi la Signal Source lomwe lingatulutse kulira kwa ma hertz 1,000. Kulira kumeneku kulembedwe mu fayilo kudzera njira yomwe mawu a wailesi amadzera, kenako kuyezedwe mu Pure Data ndi sigmund~ wolumikizidwa ku mtof. Pakatuluka 1,000 ndiye kuti ngalande ili bwino. Pakatuluka nambala yoyandikira 919 kapena 1,088 ndiye kuti 44,100 ndi 48,000 zasemphana. Nyumba za FM zoulutsa mu stereo zimatumizanso kakulira kosalekeza ka ma hertz 19,000. Kakaoneka pamalo pake pa chithunzi cha mawu omwe angomasulidwa kumene asanasefedwe, ndi umboni wakuti manambala a mu flowgraph akugwirizana.

Bodza lina laling'ono limakhudza malembo opanda liwu. Nyumba za FM zimakweza mwadala mawu osongoka zisanaulutse, ndipo wailesi yolandira imawabwezera m'malo mwake. Muyeso wake ndi mamaikulosekondi 50 ku Africa ndi ku Ulaya, koma 75 ku America. Mabokosi ena a GNU Radio amabwera ataikidwa pa 75. Akasiyidwa choncho amafooketsa mawu osongoka, omwe ndi amene amanyamula s, ts ndi mpweya wa ph, th ndi kh. Tikumbukirenso kuti nyumba zoulutsira mawu zimapanikiza mawu kuti akhale ofanana mphamvu, choncho kukula kwa liwu la muulutsi sikungayerekezedwe ndi kwa munthu wojambulidwa pakhonde. Zoyerekezeka ndi kamvekedwe ndi kutalika kwa nthawi.

Dongosolo la mauthenga mu Pure Data

Pali vuto lina lomwe limaoneka ngati matsenga: patch ziwiri zofanana pa maso, ina ikugwira ntchito ina ayi. Chifukwa chake n'chakuti zingwe ziwiri zikachokera pa khomo limodzi, chithunzi sichionetsa chomwe chiyambe kutumiza uthenga. Izi zimatengera chingwe chomwe chinayamba kulumikizidwa. Bokosi la writesf~ limafuna uthenga wa open, kenako start, pomaliza stop. Batani limodzi likatumiza start open asanafike, palibe chomwe chijambulike, ndipo agogo omwe anafotokoza nkhani yawo kwa ola lathunthu sangaibwereze chimodzimodzi. Mankhwala ake ndi bokosi la trigger, lomwe nthawi zonse limatulutsa mauthenga kuyambira kumanja kulowera kumanzere. Choncho open alumikizidwe ku khomo la kumanja ndipo start ku khomo la kumanzere. Musanakhale pansi ndi munthu, jambulani masekondi khumi, tsekani fayilo ndipo imvereni.

Zomwe sitiyenera kumvera

Chipangizo chomva kuyambira 24 mpaka kupitirira 1,700 MHz chimamva zambiri zoposa FM, ndipo m'nkhalango ngati ya Kasungu nkhaniyi si yamasewera. Njovu za m'nkhalangoyi zinatha kwambiri chifukwa cha opha nyama mozemba. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kudza ku Kasungu pa ntchito yomwe nthambi ya boma yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire inagwira pamodzi ndi African Parks ndi IFAW. Zina mwa njovuzi zinavekedwa makolala oonetsa komwe zili, ndipo alonda a nkhalango amalumikizana pa mawailesi awo. Kuyambira nthawi imeneyo midzi ya m'malire, ku Malawi ndi ku Zambia, yakumana ndi njovu zoononga minda ndipo anthu ena ataya miyoyo. Uthenga wa komwe kuli njovu ndi komwe kuli alonda ukagwa m'manja olakwika ungaphetse nyama ndi anthu omwe. Wophunzira chiyankhulo alibe gawo pa mafunde amenewa. Iye akhale pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, apemphe chilolezo kwa akuluakulu a nkhalango asanakweze eriyo, ndipo awaonetse chomwe chipangizocho chikuchita. RTL-SDR imangolandira, siulutsa. Wofuna kuulutsa ayenera chiphaso cha bungwe la MACRA. Anthu ojambulidwa mawu nawo auzidwe cholinga chake ndipo avomere okha.

Mathero

Mu chimangirizo chino ndafotokoza mitundu inayi ya zovuta: kusamveka kwa mawu, phokoso, kudukaduka ndi mawu okoma koma onama. Zitatu zoyambazo zimadziulula zokha, ndipo munthu wodekha amazipeza potsata ngalande kuchokera ku khutu kubwerera ku eriyo. Chachinayi sichidziulula, n'chifukwa chake kuyesa ndi kulira kodziwika kuyenera kuchitika ngakhale pamene zonse zikumveka bwino. Pempho langa kwa anzanga ophunzira ndi kwa aphunzitsi athu ndi lakuti fayilo iliyonse yosungidwa mu nthambi ya ziyankhulo iziyamba ndi masekondi asanu a kulira kwa ma hertz 1,000, ndipo izikhala ndi pepala lonena malo, tsiku, chiwerengero cha tizidutswa, sefa zomwe zinagwiritsidwa ntchito ndi patch yomwe inajambula. Tikatero, wophunzira wodzatsegula fayiloyo patapita zaka makumi awiri adzatha kudzitsimikizira yekha kuti mawu omwe akumva ndi a anthu a ku Kasungu monga anayankhulira.